Clementina Wachiwiri

Mtsikanayo anafika Lachiwiri masana pa kabaza, atafungatira jumbo yakuda pamiyendo. Palibe amene ankamuyembekezera. Anatsika pageti pa mpingo wa Nyali Yoyaka ku Balaka, n'kuima pomwepo ngati munthu amene wauzidwa kuti asasunthe mpaka wina adzamutenge. Wakabaza anangotembenuza njinga yake, fumbi kobo, n'kumapita.

Nthawi imeneyo holo ya tchalitchi inali itasanduka bwalo la ndege. A Dave, dikoni wa pampingopo, anali atandandalika mabenchi kukhala tinjira, iwo atakhala kuseri kwa tebulo ngati mzungu wofunsa ziphaso. Achinyamata asanu ndi awiri ankadutsa mmodzimmodzi, aliyense akukoka sutikesi imodzimodziyo ya matayala, imene anaikamo njerwa kuti azolowere kulemera kwake. Kunali kutatsala masabata awiri kuti gululo linyamuke ulendo wa ku Scotland, kukaimba ndi kukachitira umboni m'mipingo ya kumeneko.

Dailesi ndiye anayamba kumuona mlendoyo pawindo. Iyeyu anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, kwawo ku Mposa, mlembi wa gululo chifukwa Chingerezi chake chinali chosalala ndipo dzanja lake linali lokongola. Chimvereni za ulendowu, ankalota chipale chofewa chikugwera patsitsi pake, ndi mnyamata wina wosadziwika nkhope akumufunditsa jekete pa siteshoni ya sitima. Koma atamuyang'anitsitsa mtsikana wa pagetiyo, malotowo anabalalika. Chipumi chimenecho ankachidziwa. Mpata wa mano akutsogolo, umene unaoneka pamene mlendoyo analuma mlomo, ankaudziwanso.

Abusa Clever anatuluka mu ofesi akumwetulira, anakamugwira mlendoyo padzanja n'kulowa naye m'holo.

"Ana anga, gulu lakwanira tsopano," iwo anatero. "Uyu ndi Clementina, mwana wathu wa ku Mposa amene mwakhala mukumumva m'mapemphero."

Onse anawomba m'manja. Enawo anali ana a m'tauni ya Balaka, sanamuonepo Clementina ndi maso. Dailesi yekha manja anakana, malovu owawa atadzaza m'kamwa. Pa maliro a Clementina, zaka zitatu zapitazo, amene anatsogolera nyimbo anali iyeyo.

Nkhani yake inali motere. Clementina ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Abusa anamujambula pamodzi ndi ana ena n'kutumiza zithunzizo kunja. Chithunzi chake chinagwa m'manja mwa Mayi Hilda, mayi wachikulire wamasiye wa ku Scotland amene analibe mwana. Mayiwo anayamba kumulembera makalata, kumutumizira mabuku ndi nsapato, ndipo chifukwa cha mwanayo anautsa mpingo wawo wonse kuti uzithandiza Nyali Yoyaka. Clementina anamwalira ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pobereka, ali m'ngolo panjira ya kuchipatala. Maliro atatha, Abusa anamuitana Dailesi pambali.

"Mayi aja ali ndi mtima wofooka, uthenga wotere ungawaphe. Ulembe kalata imodzi yokha m'dzina la mnzakoyo, tidzawauza bwinobwino tikapeza mpata."

Mpatawo sunapezeke. Kalata imodzi inasanduka makalata khumi ndi imodzi. Ndipo chimene chinkamunyansa Dailesi kwambiri akakhala yekha n'chakuti ntchitoyo ankaikonda. M'makalatamo anamupatsa Clementina mbuzi yotchedwa Namaluwa. Anamupatsa loto lodzakhala namwino, mantha a bingu, ndi mtengo wa mango umene ankawerengera mabuku patsinde pake. Mayankho a Mayi Hilda akafika, ankawawerenga kawirikawiri mpaka pepala kufewa. Tsopano mayiwo anali atapempha chinthu chimodzi chokha: gulu libwere, koma Clementina asatsale.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Abusa anamuitanira Dailesi mu ofesi. Anali akudya mtedza wokazinga, makoko akuwauzirira pansi.

"Abusa, uja ndi ndani?"

"Ndanena kale pagulu. Makutu unawasiya ku Mposa?"

"Clementina tinamuika m'manda."

"Tinaika thupi, mwana wanga. Ntchito ya Ambuye sitinaike." Anatsegula kabati, n'kutulutsa envulopu ya makope a makalata aja. "Amene anaumba Clementina wa m'mapepalamu ndiwe. Umulowetse m'mutu mwa mtsikanayu, tsiku lonyamuka lisanafike. Akalephera iye, walephera ndiwe. Princess ali pa mndandanda wodikira, sutikesi yake analongedza kalekale."

M'kabatimo Dailesi anaona mulu wa mapasipoti atamangidwa ndi mphira. Pamenepo panali dzina lenileni la mlendoyo. Abusa anaona kumene maso ake analoza, anatseka kabati, kiyi n'kuponya m'thumba la malaya.

Maphunziro anayamba m'mawa mwake, pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa holo. Mlendoyo anali wa mutu wakuthwa, koma wosalankhulalankhula. Chichewa chake chinkakoka Chiyao kumchira. Chingerezi ankangodziwa cha moni.

"Mbuzi yako dzina lake ndani?"

"Namaluwa."

"Umaopa chiyani?"

"Bingu." Anakweza maso. "Koma ine bingu sindiliopa, achemwali. Ndimaopa atsekwe."

"Iwe suopa kanthu. Amene akuopa ndi Clementina. Tiyambirenso."

Nthawi zina Dailesi ankayesa kumutchera msampha. Ankaponya funso mwadzidzidzi pakati pa mafunso ena: mayi ako amakuitana kuti chiyani akakwiya? Mlendoyo ankangomwetulira ndi mpata wake wa mano uja n'kuyankha kuti, "Clementina."

Masana onse ankakhala m'holo kuphunzira maumboni. A Dave ankaima ndi foni m'manja kuyeza nthawi. Umboni uliwonse unkayenera kutha mphindi zisanu, ndipo misozi inkayenera kutsika pa mphindi yachitatu. Samson, woimba besi, bambo ake anali ndi golosale pamsika, koma mu umboni wake anali mwana wogona m'makhonde amene ankalimbirana makoko a nthochi ndi agalu.

"A Samson, nkhope yanuyo ikuoneka kuti mwadya," a Dave ankadandaula. "Gwetsani mapewa. Mukamati njala, muzigwira pamimba, osati pachifuwa."

"Nanga ndikaonda bwanji, a dikoni, pomwe mukutidyetsa katatu?"

"Kuonda n'kwa mawu, achimwene. Mawu aonde."

Amene misozi inkamukana ankapatsidwa mankhwala opaka a chimfine kuti azidzola pansi pa maso asanakwere kutsogolo. Holo yonse inkanunkha ngati wodi ya odwala chifuwa. Dailesi ankayang'ana anzake akulira mokonzekera, kupukuta nkhope, kenako kufunsa ngati nthawi yakwana bwino, ndipo ankamva ngati wameza ntchentche. Koma nthawi yake ikafika nayenso ankadzola, n'kulira pa mphindi yachitatu. Ndege inali kumudikira.

Lachisanu linali tsiku lophunzira kudya. Amayi abusa anayala nsalu yoyera, n'kuika mipeni ndi mafoloko, mbatatesi zophwanya zopanda mchere, nyemba zotsekemera za m'chitini, ndi masoseji awiriawiri onenepa, otuluka mafuta.

"Kumeneko m'mawa amadya zimenezi," Abusa analengeza. "Ndi nkhumba yeniyeni. Mbale ibwerere yoyera, chifukwa mzungu akaona mwasiya chakudya amati simuli pa njala."

Mipeni inalira m'mbale. Soseji ya Samson inathawa foloko n'kukagwera pamiyendo pa mnzake, anthu n'kufa nazo kuseka. Mlendo yekha anadya mbatatesi ndi nyemba, masoseji n'kuwakankhira m'mphepete.

"Clementina," Abusa anaitana mofatsa. "Watsala ndi ntchito."

"Ndakhuta, Abusa."

"Sindinafunse za mimba yako."

Abusa anadzuka, anadula kachidutswa okha, n'kukabaya pa foloko. Anaima nako pafupi ndi pakamwa pake monga amachitira ndi mwana wokana phala. Mtsikanayo anayang'ana nyamayo nthawi yaitali. Kenako anatsinzina, anatsegula pakamwa, anameza osatafuna. Anthu anamuwombera m'manja. Iye anapempha kuti apite panja.

Dailesi anakamupeza kuseri kwa chimbudzi atagwada, atasanza zonse. Anali ndi kachigubu ka madzi, akuchukucha m'kamwa n'kulavula, kuchukucha n'kulavula, akunong'ona mawu opempha chikhululukiro amene Dailesi anawamvapo kwa anansi ake achisilamu: "Astaghfirullah, astaghfirullah."

Apo m'pamene zambiri zinagwirizana. Duku limene sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Kusowa kwake masana aliwonse, n'kubwera manja ndi mapazi ali onyowa.

"Ndiwe Msilamu," Dailesi anatero.

"Musawauze anzanuwo."

"Abusa akudziwa?"

"Anakanditenga okha kwathu. Anandiona pamsika ndikugulitsa tomato, anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi. Sabata yotsatira anabwera kwa amjomba anga ndi chithunzi cha Clementina." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Anati ndikapita n'kubwera bwino, adzandibwezera kusukulu. Ine ndinalekezera Fomu 2, achemwali."

"Dzina lako ndani?"

"Iyayi. Amjomba anandilumbiritsa kuti ndisalitchule mpaka ndibwerere. Ndipotu palibe choipa. Mwini wake wa dzinali analola."

Dailesi anamuyang'anitsitsa. "Analola bwanji?"

"Abusa anati anakwatiwa ku Mozambique, ali ndi pakati, akuchita manyazi kuonekera kwa mayi ajawo. Anati dzina lili ngati chitenje, anthu amabwerekana." Anamuyang'ana Dailesi m'maso. "Si choncho?"

Dailesi anafuna kumuuza zoona, koma m'maganizo anaona mpando wake wa pawindo m'ndege, Princess atakhalapo. Anatola kachigubu kaja n'kumupatsira. "Samba kumaso, tibwerere. Akutidikira."

Loweruka Abusa anawatenga awiriwo, pamodzi ndi a Dave, pa galimoto kupita ku Mposa kukajambula zithunzi zoti zikaonetsedwe m'mipingo ya ku Scotland. Anawoloka Shire pa Liwonde, nakwera mapiri a Machinga, kenako n'kutsikira m'msewu wafumbi. Atayandikira mudzi, a Dave anatulutsa m'jumbo diresi yong'ambika paphewa, yonunkha nkhungu.

"Vala iyi. Nsapato usiye m'galimoto."

Anamuimika kutsogolo kwa nyumba ya Clementina, imene denga lake linali litagwera m'kati chifukwa abale ake anasamukira ku Kawinga maliro atangotha. A Dave anatapa fumbi n'kumupaka m'miyendo. Anabwereka mbuzi ya munthu wina kuti ikhale Namaluwa, koma mbuziyo inakana kuima, mwakuti iwo ndi Abusa anayamba kuithamangitsa m'munda wa nandolo, Abusa atakwinya thalauza mpaka m'mawondo.

Atsikana awiriwo anatsala okha pakhonde logumuka. Mlendoyo anasuzumira m'nyumbamo. Munali chisa cha mavu ndi mphika wosweka.

"Anachoka kalekale eti? Kodi amabwera kudzaona kwawo?"

Dailesi ankayang'ana fumbi lopakidwa m'miyendo ya mnzakeyo, zala za a Dave zikuonekabe mizeremizere. Pakhonde pomwepo iye ndi Clementina ankasewera phada ali ana, ndipo Clementina ankabera nthawi zonse, n'kumaseka. Zimenezo sanazilembepo m'kalata iliyonse. Clementina weniweni sankafuna unamwino. Ankafuna kudzayendetsa lole.

"Ukuona mitengo yowirira iyo, kutsidya kwa dambo?" Dailesi analoza ndi chibwano, chifukwa kumeneko salozako ndi chala. "Ali mmenemo. Chaka chino n'chachitatu."

Mlendoyo anayang'ana mitengoyo, n'kuyang'ana diresi imene anavala. Anaigwira ndi nsonga za zala, kuikoka kuti italikirane ndi khungu lake.

"Iyinso ndi yake?"

"Iyayi. Ndi ya pa kaunjika."

"Nanga makalata aja analemba ndani?"

"Ine."

"Mayi ajawo akudziwa?"

"Iyayi."

Mtsikanayo analavulira pambali, kutali ndi phazi la Dailesi koma osati kutali kwenikweni. "Ine ndimayesa nkhumba ija ndiye chonyansa chachikulu chimene ndameza kuno," anatero motsitsa mawu. "Achemwali, inu mumagona tulo?"

A Dave anatulukira akukoka mbuzi ndi chingwe, thukuta lili kamukamu. Mlendoyo anaima pamene anamuuza, anagwira chingwe, anayang'ana kamera.

Lolemba masana ndi pamene Mayi Hilda anapangana ndi Abusa kuti aimbe foni ya kanema, amuone Clementina ulendo usanachitike. Abusa anali atakonza kale njira. Anawalembera mayiwo kuti mwanayo Chingerezi amachitha polemba, koma polankhula manyazi amamugwira lilime, choncho Dailesi adzakhala womasulira. Anaika laputopu pa tebulo la mu ofesi, atsikanawo anakhala pa benchi moyang'anana nayo, Abusa n'kuima kumbuyo kwawo, dzanja lili paphewa la aliyense.

Nkhope inatulukira. Dailesi anali ataiona pa zithunzi zokha. Anali mayi wamng'ono thupi, tsitsi loyera ngati thonje la ku Ngokwe, magalasi akulu. Atangoona mpata wa mano uja, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kenako ananyamula foni yawo n'kuyenda nayo pang'onopang'ono m'nyumba, akupuma movutikira, kuti aonetse kachipinda. Munali bedi loyalidwa bwino, nyale pambali, ndi bulangete limene anati analuka okha nyengo yozizira yonse.

Dailesi anamasulira zonsezo m'Chichewa, mawu ake akumveka ngati a munthu wina. Kenako mayiwo anafunsa za Namaluwa.

"Akufunsa za mbuzi," Dailesi anatero.

Mlendoyo sanayang'ane laputopu. Anatembenukira kwa Dailesi.

"Muwauze kuti ine mbuzi ndilibe. Muwauze kuti sindine Clementina, ndipo bulangetelo asandiyalire."

Zala za Abusa zinalowa m'phewa la Dailesi. Anaseka mokweza, n'kuuza mayiwo m'Chingerezi kuti mwanayo akuti mbuzi ili bwino, yabereka ana awiri. Kenako anawerama ngati akukonza waya, pakamwa pawo pali pafupi ndi khutu la Dailesi, mpweya ukununkha mtedza.

"Ukamasulira zimenezo, ndege uzidzangoiona m'mwamba ikudutsa. Ganiza bwino, mwana wanga."

Dailesi anaganiza. Pasipoti yake inali m'kabati, mikono iwiri kuchokera pamene anakhala. Mayi ake ku Mposa anali atauza kale mudzi wonse. Anaona siteshoni ya sitima ija, ndi jekete, ndi chipale chofewa. Kenako anaona pa laputopu mayi wachikulire akumwetulira chifukwa cha ana a mbuzi imene sinabadwe, imene iye mwini anaipeka tsiku lina mvula ikugwa chifukwa anasowa cholemba. Anadziwa kuti akamezanso bodzali ulendo uno, adzakhala akulimeza moyo wake wonse.

Anakokera laputopu pamiyendo pake, n'kuigwira zolimba. Analankhula m'Chingerezi chake chosalala chija, mwachangu, Abusa asanazungulire benchi. Anati zimene Abusa anena si zimene mtsikanayu wanena. Anati Clementina anamwalira zaka zitatu zapitazo pobereka, ndipo mwana wakenso sanakhale moyo. Anati makalata khumi ndi imodzi omaliza analemba ndi iye, Dailesi, ndi dzanja lake, ndipo mbuzi kunalibe.

"Netiweki ikuvuta," Abusa anatero, akutambasula dzanja kuti atseke laputopu. Mlendoyo anaimirira pakati pawo ndi Dailesi. Sanawakankhe. Anangoima, ndipo Abusa, amene nkhope yawo inali ikuonekabe pa kanemayo, anabweza dzanja n'kuliika m'thumba.

Mayi Hilda sanakomoke. Anakhala pansi pa bedi lija, anavula magalasi, n'kuwagwira pamiyendo. Kwa nthawi yaitali mu ofesimo munkangomveka kwaya ikuyeserera m'holo, besi ya Samson ili pansi pa mawu onse. Mayiwo anafunsa tsiku limene Clementina anamwalira, Dailesi anawauza. Anafunsa ngati anavutika, Dailesi anati inde. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati akulemba mumtima.

Abusa anatsegula kabati. Anasolola pasipoti ya Dailesi pa mulu uja n'kuiponya patebulo, pafupi ndi chigongono chake. Kenako anatenga foni yawo, ndipo Dailesi anawamva ali pakhomo akuti, "Princess, mwana wanga, uli kuti?" Anadabwa kuti sizinamupweteke monga ankayembekezera. M'kamwa mwake munali mutauma, koma munalibe kuwawa kuja.

Mayi Hilda anavalanso magalasi. Anayandikitsa nkhope yawo, akuyang'ana mtsikana wa duku amene anali ataima kumbuyo kwa Dailesi, ndipo anafunsa funso lalifupi.

"Akuti nanga iwe ndiwe ndani," Dailesi anamasulira. "Ngati lumbiro lija likukumangabe, ndiwauza kuti sungathe."

"Amjomba anati mpaka ndibwerere kwathu," mtsikanayo anatero. "Ndabwerera kale, kwangotsala kukwera galimoto."

Anakhala pa benchi, anakonza duku lake, n'kuyang'ana mayiwo m'maso. Apa sipanafunike womasulira.

"Fauziya," anatero. "Fauziya Zubairu, wa ku Ngokwe."